Tsidya la Msewu: Ulendo wa ku Angonia ndi ku Tete

Ku Lizulu kumacha ndi kamphepo kolowa m'mafupa, ngakhale mwezi wa Okutobala. Ndinatsika basi dzuwa lisanatuluke bwino. Linali tsiku la msika ndipo malonda anali atayamba kale. Matumba a mbatata ya kachewere anali atandanda m'mbali mwa msewu, odzaza mpaka kutumphuka, pakamwa pake atalukapo zingwe kuti mbatata isatayike. Kumbuyo kwake kunali milu ya kabichi, madengu a tomato, mitolo ya anyezi ndi karoti wonyowa ndi mame. Chakumadzulo kunkatulukira ngolo, ng'ombe zikupuma nthunzi, anyamata oyendetsa atadzikulunga m'majekete a kaunjika.

Pamalo pano msewu wa M1 ndiwo malire. Ukaima n'kuyang'ana ku Ntcheu, kumanzere kwako ndi Malawi, kumanja kwako ndi Mozambique. Ndinaona mayi wobereka mwana atasenza dengu la tomato akudikira lole kuti idutse, kenaka n'kuwoloka. Mapazi khumi okha anamuchotsa m'dziko lina kumulowetsa m'dziko lina, ndipo palibe anatembenuka kumuyang'ana. Malire amenewa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'chaka cha 1891, ndipo anadula pakati pa anthu amodzi. Phiri la Domwe, kumene Angoni a kwa Maseko anakhazikika, linagwera mbali ya Apwitikizi, pamene likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani lili konkuno ku Lizulu. Dzina loti Angonia, la boma la tsidya linalo, likunena eni ake omwewo.

Ndinayandikira bambo wina wachikulire amene ankawerenga matumba ndi kandodo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka, kaya inu achimwene? Mukufuna angati?"

Ndinawauza kuti sindinabwere kudzagula, ndimangofuna kudziwa kumene mbatatayo yachokera. Analoza ndi mlomo kumadzulo. Nditafunsa amene anakumba, anaseka pang'ono n'kunena kuti ndi ana a kwathu komwe kuno, a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Munda ndi wa tsidya, manja ndi a kuno.

Yankho limeneli ndi limene linandinyamutsa pa ulendowu. M'tauni timamva kawirikawiri kuti midzi ikutha, achinyamata onse akuthamangira ku mizinda. Timamvanso kuti anzathu a ku Tete analemera ndi malasha. Koma kwathu kumudzi, mnyamata akasowa pakhomo mvula ili pafupi, amayi ake amati wapita ku Mozambique kukagwira ganyu, ndipo satchula mgodi kapena mzinda. Ndinafuna kukaona ndi maso anga ntchito imene ikudyetsa anthu tsidya lija.

Ndinabwerera ku Dedza kukawolokera pachipata, pamene mbali inayo amapatcha Calomue. Malole a mafuta ndi a katundu anali atafola mtunda wautali. Anyamata osintha ndalama ankayendayenda atagwira mipukutu ya makwacha ndi mametikali. Ndinakwera minibasi, imene kumeneko amati chapa, ndipo tisananyamuke n'komwe ndinazindikira kuti sindidzasowa womasulira. Kondakitala ankaitanira m'Chinyanja chathu chomwechi, kungoti mitengo ankaitchula m'Chipwitikizi.

Anthu a msinkhu wanga amakumbukira mbali imeneyi ili bwinja. Nkhondo ya pachiweniweni ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inayamba m'chaka cha 1977, inasesa midzi ya ku Angonia. Tikamadutsa pa basi pakati pa Dedza ndi Ntcheu tinkaona masitolo opanda madenga ndi zipupa zobooka mbali imodzi, mbali inayo tizisakasa ta anthu othawa nkhondo titathinana. Dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Masiku amenewo iwo ndiwo ankagogoda pamakomo pathu kupempha ganyu, kulima mizere yambirimbiri kuti alandire mbale ya ufa. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kwawo n'kukapeza minda itagonera zaka zambiri. Lero khasu latembenuka. Opempha ganyu ndife.

Chifukwa chake chimaoneka pa windo la minibasi. Dothi ndi lofiira ngati la ku Bembeke, mapiri ndi madambo n'zofanana ndi za kwathu, koma minda ndi yotambasuka, ndipo pakati pa mudzi ndi mudzi pamatsalako tchire. Dziko la Mozambique ndi lalikulu pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa Malawi, koma kalembera wawo wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni, pamene wathu wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, anthu 186 pa sikweya kilomita imodzi. Kwathu munda wa agogo wagawidwa kwa ana, ana agawira zidzukulu, mpaka kandime kotsala sikakwanitsa chimanga cha miyezi isanu ndi umodzi. Mnyamata wokhala ndi mphamvu koma wopanda polima amayang'ana kumene kuli malo.

Midzi imene tinkadutsa sinali yakufa. Ndinaona nkhokwe zikuluzikulu, zigafa za fodya, nyumba zanjerwa zofolera malata atsopano, tizipangizo ta sola padenga, chigayo chikulira. Koposa zonse ndinaona ana. Pachitsime ana, pamsewu ana, pabwalo la sukulu ana ochuluka moti ena anali atakhala pansi pa mtengo. Apa m'pamene nkhani yoti midzi ikutha imagwera. N'zoona kuti gawo la anthu okhala kumudzi likutsika pang'onopang'ono: ku Mozambique m'chaka cha 2007 anali pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse, pofika 2017 anali awiri mwa atatu aliwonse. Koma mutu ndi mutu, anthu a kumudziwo anachoka pa 14 miliyoni kufika kupitirira 18 miliyoni. Kwathunso n'chimodzimodzi. Pakati pa 2008 ndi 2018 anthu a kumudzi anachoka pa 11 miliyoni kufika pafupifupi 15 miliyoni. Mzinda umatapako, koma mudzi umabereka mofulumira kuposa mmene mzinda ukutapira.

Ndinatsikira pa kamsika kena tisanafike ku Ulongwe, n'kutsata kanjira kotsetserekera kudambo. Kumeneko kunali madimba obiriwira pakati pa chilimwe, injini yopopa madzi ikugunda, mapaipi atayalidwa m'mizere ya mbatata. Anyamata asanu ankakumba, atsikana awiri akutola n'kumasankha zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha. Pamtunda anthu ena ankasosa ndi kuunga mizere kukonzekera mvula. Mmodzi mwa okumbawo atamva kalankhulidwe kanga anaimika khasu.

"Achimwene, mwachokera kumudzi?"

Anali wa ku Dedza, wa zaka zosapitirira makumi awiri. Sukulu analekezera sitandade 7. Anandifotokozera mmene zimakhalira. Alipo a ganyu wa tsiku, amene amalandira akamaliza ndime. Kuno ganyu amamutcha ganho-ganho, koma khasu lake ndi lomwelo. Aliponso amene amagwirizana ndi mwini munda kuti akhale nyengo yonse, akudya pakhomo pomwepo, n'kudzalandira ndalama zonse pamodzi mbewu zikagulitsidwa. Iye anali wa gulu lachiwirili. Chaka chatha anabwerako ndi njinga ndi malata asanu ndi atatu. Koma anatinso mnzake wina anagwira nyengo yathunthu kwa munthu wina n'kubwerera chimanjamanja, poti mgwirizano wawo unali wa pakamwa, ndipo munthu wolowa m'dziko la eni wopanda chikalata alibe kokadandaula. Atanena zimenezi anatola khasu lake n'kupitiriza. Ndime inali ikumudikira.

Ndinakwera pamtunda mtima uli wolemera. Mnyamata ameneyu ali pantchito, ndipo ntchito yake ikudyetsa Lilongwe, Blantyre ndi Tete. Koma palibe buku la boma lililonse, la kuno kapena la uko, limene muli dzina lake ngati wantchito. Azigogo athu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba, ena ku minda ya azungu ku Halale, ndipo ngakhale inali ntchito yowawa, ankadziwika kuti apita. Mdzukulu wawo amangowoloka msewu n'kuzimiririka m'dambo.

Ulongwe, imene nthawi ya Apwitikizi inkatchedwa Vila Coutinho, ndi tauni yaudongo ya misewu yotakata, likulu la boma la Angonia. Pali mabanki, masitolo a feteleza ndi mbewu, ndiponso sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya Zambeze. Kumsika mavenda anali atapachika masikelo, akugula soya, nyemba ndi chimanga kwa alimi obwera pa njinga ndi pa ngolo. Ndinakhala pabenchi la mayi wogulitsa tiyi n'kuyamba kuwerenga ntchito zimene maso anga ankaona. Wonyamula matumba, wosoka matumba, wopepeta nyemba, wokonza njinga, wowotcherera zitsulo za ngolo, wokazinga chipisi, wotchaja mafoni, telala, ndi mzere wa anyamata a njinga zamoto akuitanira okwera. Pa onsewa panalibe wolandira malipiro a pamwezi, ndipo panalibe amene ntchito yake ikanakhalapo popanda mlimi. Mayi wa tiyi uja anandiuza kuti chaka chimene mvula yavuta, iyenso amachepetsa shuga wogula, chifukwa msika umakhala zii.

Mnyamata amene ananditenga pa njinga yamoto kupita kokwerera magalimoto a ku Tete anali atamaliza sekondale. Anati anayesako kufunsira ntchito ku Moatize, tauni ya migodi ya malasha, nakhala kumeneko miyezi ingapo kwa msuweni wake, mpaka ndalama zitamuthera. Njingayo anagula ndi ndalama za soya wa m'munda wa bambo ake. Nkhani yake ndi ya ambiri. Ku Mozambique anthu pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi aliwonse ogwira ntchito ali pa ulimi, ndipo chaka ndi chaka achinyamata pafupifupi theka la miliyoni amafika msinkhu wofuna ntchito. Maofesi ndi mafakitale amalemba ochepa chabe mwa iwo.

Kuchoka ku Ulongwe msewu umayamba kutsika. Umadutsa m'boma la Tsangano, kenaka n'kutsetsereka m'mapiri mpaka pa Mussacama, pamene umakumana ndi msewu wochokera ku Zobue ndi ku Mwanza. Jekete limene ndinavala ku Lizulu ndinali nditalivula kalekale. Mphepo yolowa pa windo inkakhala ngati yochokera m'ng'anjo. Dothi lofiira linatha, kunayamba miyala, minga ndi milambe. Mbuzi zinkabisala pansi pa mithunzi yopyapyala. M'mbali mwa msewu munali matumba a makala mtunda ndi mtunda, ndi ana ogulitsa malambe ndi masau ouma. Kumtunda kuja munthu wosowa ndalama amagwira khasu la mnzake. Kuno kuchigwa, kumene mvula ndi yochepa, amagwira nkhwangwa. Mapiri ometeka amene tinkawaona ndiwo malipiro a ntchito imeneyo.

Tisanafike ku Moatize ndinapatukira ku Cateme. Ndi mudzi wosiyana ndi midzi ina yonse imene ndinadutsa: nyumba zofanana kukula ndi kamangidwe, zili m'mizere yowongoka, pali sukulu ndi chipatala. Anthu ake sanabadwire pano. Kampani ya Vale ya ku Brazil itapatsidwa malo okumba malasha, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa m'zaka za 2009 ndi 2010, ndipo oposa 700 mwa iwo, amene ankadalira ulimi, anawabweretsa kuno, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka ku tauni ya Moatize. Malamulo a ku Mozambique amati nthaka yonse ndi ya boma, munthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito. Kumene anachoka kunali pafupi ndi mtsinje ndi msika. Ena ankaumba njerwa, ena kugulitsa ndiwo zamasamba ndi nkhuni m'tauni. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji ya malasha podandaula za minda yosabereka, madzi ndi nyumba zong'ambika. Ndinayenda m'misewu yake masana dzuwa likuswa mtengo. Gogo wina amene anakhala pakhonde anandiitana kuti ndimwe madzi. Sitinalankhule zambiri. Anangondionetsa ndi dzanja kumene kuli munda wake, kutali, n'kunena kuti nyumba ndi yabwino kugonamo koma sidyedwa.

Moatize amayamba kuoneka ndi milu. Ndi mapiri opangidwa ndi anthu, a dothi lotuwa ndi lakuda lofukulidwa m'maenje a mgodi. Fumbi lake limakhala pamasamba a mitengo, pamalata ndi pazovala zoyanikidwa. Vale inayamba kutulutsa malasha kuno m'chaka cha 2011, ndipo zaka zimenezo dzina la Tete linamveka dziko lonse lapansi. Mahotela anamangidwa, lendi inakwera, anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Maputo, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku Brazil. Kenaka mtengo wa malasha unagwa. Kampani ya Rio Tinto, imene inagula migodi ya dera lino, kuphatikizapo wa Benga, ndi ndalama zoposa mabiliyoni atatu a madola m'chaka cha 2011, inaigulitsa m'chaka cha 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Nayo Vale inagulitsa mgodi wake ndi njanji kwa kampani ya Vulcan m'chaka cha 2022.

Ndinaima pafupi ndi njanji sitima ya malasha ikudutsa. Mabogi ake ndinawawerenga mpaka kutaya chiwerengero. Sitima imeneyi a ku Neno, ku Nkaya, ku Liwonde ndi ku Nayuchi amaidziwa, chifukwa imadutsa m'dziko lathu pa ulendo wake wa makilomita oposa 900 wopita ku doko la Nacala. Chuma chochuluka chotero chinkayendetsedwa ndi anthu owerengeka ndi zala. Mu mgodi namonso ndi mmenemo: chigalimoto chimodzi chimanyamula katundu amene mudzi wonse sungasenze pa mwezi, ndipo chili ndi dalaivala mmodzi. Amene analembedwa ntchito amalandira bwino, ndipo sindikuwachitira nsanje. Koma ndinakumbukira thumba la mbatata la ku Lizulu lija. Lisanafike pamoto ladutsa m'manja mwa wolima, wothirira, wokumba, wosankha, wosoka, wa ngolo, wokweza, wa lole, wopikulitsa ndi wokazinga. Tinakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka. Pa ulendowu ndinaona kuti nthaka ili ndi chuma cha mitundu iwiri. Cha pansi penipeni chimalemeretsa dziko m'mabuku n'kulemba ntchito ochepa. Cha pamwamba, pofika khasu, phindu lake ndi lochepa koma chimagwira dzanja la aliyense.

Tinawoloka mtsinje wa Revubue, ndipo posakhalitsa Zambezi anaonekera, wotambalala, wonyezimira ndi dzuwa la madzulo. Mlatho wa Samora Machel, umene unamalizidwa m'chaka cha 1973, ndi wolendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo ukamawoloka wapansi umaumva ukunjenjemera pansi pa mapazi. Malole olemera masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa m'chaka cha 2014 chakumunsi. Pa mlatho wakalewu ndinayenda pakati pa amayi osenza mabeseni, ana a sukulu ndi njinga zamoto zosawerengeka. Apa Chinyanja chinayamba kuchepa, Chinyungwe n'kuchuluka, komabe tinkamvana.

Mzinda wa Tete wakuladi. M'chaka cha 2007 unali ndi anthu pafupifupi 156,000. Pofika 2017 anali opitirira 300,000. Koma m'zaka zomwezo chigawo chonse cha Tete chinachoka pa anthu pafupifupi 1.8 miliyoni kufika kupitirira 2.6 miliyoni. Ndiye kuti ngakhale pa nthawi imene malasha anali pachimake, mzindawu unalandira gawo lochepa la anthu owonjezerekawo. Ochuluka anatsala m'maboma, ku Angonia, ku Tsangano, ku Macanga, ku Mutarara, atagwira khasu.

Mumsika wa Kwachena ndinakumananso ndi Angonia. Mbatata, kabichi, nyemba, tomato, zonse zinali zotsika kumtunda kuja, pambali pa nsomba zouma za ku Cahora Bassa ndi nyama ya mbuzi ya m'chigwa. Fakitale yaikulu ya fodya ya Mozambique Leaf Tobacco, imene inatsegulidwa pakati pa zaka za m'ma 2000, imalemba anthu ambiri pa nyengo yake, ndipo nayonso imadya za m'zigafa za alimi a kumtunda. Isanamangidwe, fodya wa kuno ankakakonzedwa ku Malawi. Ngakhale mumzinda wa malasha, mphika umadikira mlimi.

Usiku kunatentha moti tulo sitinabwere. Ndinakhala panja pa nyumba ya alendo ndikuganiza za mnyamata wa ku Dedza uja. Atsogoleri athu, a kuno ndi a uko, akamalonjeza ntchito amaloza migodi ndi mafakitale, ndipo zimenezo n'zofunika. Koma kwa zaka zambiri zikubwerazi, ana ochuluka amene ndinawaona pazitsime ndi pansi pa mitengo adzakulira kumudzi, ndipo ntchito yawo yoyamba idzakhala ya m'munda kapena yotumikira munda. Chimene akusowa si chachilendo. Akusowa msewu woti lole ifike kudimba nthawi ya dzinja, madzi othirira, mosungira mbatata kuti mlimi asagulitse motaya, chigayo ndi makina oyengera mafuta a soya pafupi ndi mudzi, mtengo wodziwika asanabzale. Wa ganyu wowoloka malire akusowa chikalata chosavuta kupeza ndi mgwirizano wolembedwa pamaso pa amfumu, kuti thukuta la nyengo yathunthu lisathere m'mawu. Maiko awiri amene anthu ake amamwa chitsime chimodzi angathe kugwirizana pa zazing'ono ngati zimenezi.

Pobwerera ndinakwera lole imene inatsitsa mbatata ku Tete ndipo inkakwera kumtunda yopanda kanthu. Titafika pa kamsika kaja ndinapempha adalaivala kuti aime pang'ono. Ndinathamangira kudambo. Mbatata anali atamaliza kukumba, injini itazima, mapaipi atakulungidwa. Mnyamata uja ndinamupeza pamtunda akuunga mizere ya chimanga, mitambo yoyamba itayamba kusonkhana chaku Domwe. Ndinamufunsa ngati ali ndi uthenga wa kumudzi. Anapukuta thukuta ndi mkono, naganiza kanthawi.

"Mukawauze amayi kuti ndili bwino. Ndibwera tikakolola."

Anandiuza dzina la mudzi wake ndi la amfumu ake, ndipo ndinalemba. Uthengawo ndinakaufikitsa tsiku lotsatira. Amayi ake ndinawapeza akusosa kamunda kawo kuseri kwa nyumba, kamene munthu angathe kukamaliza dzuwa lisanafike pamutu.